Galimoto ya hybrid, yamagetsi kapena ya petulo, ndiponso botolo lomwera madzi: tisankhe chiti?

Munthu amene akufuna kugula galimoto kapena botolo la madzi mosamala chilengedwe ayenera kuika zinthu ziwiri pa sikelo: zimene zinawonongeka popanga chinthucho ku fakitale, ndi zimene zimawonongeka pochigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Otsatsa malonda amakonda kutchula chachiwiricho chokha, koma chisankho chabwino chimadalira zonse ziwiri, makamaka mmene mwini wake adzagwiritsire ntchito chimene wagulacho.

Galimoto ya petulo ndiyo poyambira. Lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, ndipo lita ya dizilo imatulutsa oposa 2.6. Gawo lalikulu la mphamvu ya mafutawo silifika n'komwe ku matayala chifukwa limangotayika ngati kutentha, ndipo injini imapitiriza kumwa mafuta ngakhale galimoto itaima pamdipiti. Ubwino wake ndi woti amakaniko ambiri amaidziwa ndipo zipangizo zake sizisowa.

Galimoto ya hybrid inabwera kudzachepetsa kutayika kumeneku. Toyota Prius, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndiyo inali yoyamba kupangidwa yochuluka, ndipo Honda Insight inatsatira mu 1999. Galimoto yotereyi ili ndi injini ya petulo, mota yamagetsi ndi batire yaing'ono. Dalaivala akaponda mabuleki, motayo imasanduka jenereta n'kusunga m'batire mphamvu imene ikanangotentha mabuleki, ndipo galimoto ikaima injini imazima yokha. N'chifukwa chake hybrid imapulumutsa mafuta ambiri m'tauni, mmene munthu amangoima n'kunyamuka, koma pamsewu wautali wothamanga mosalekeza phindu lake limachepa popeza injini ya petulo ndiyo imagwira ntchito pafupifupi nthawi yonse. Siifunika kutchaja pasoketi, ndipo umenewu ndi mwayi waukulu kwa munthu wopanda malo otchajira.

Kumene ndimafuna kuti ogula azichenjera kwambiri ndi pa hybrid yogwiritsidwapo kale ntchito. Batire imakalamba, ndipo kutentha kumaikalambitsa msanga. Pagalimoto zambiri pali fani yoziziritsa batireyo, imene imatsekeka ndi fumbi ngati siitsukidwa. Batire ikafooka, injini imayaka pafupipafupi ndipo mafuta amene mumayembekezera kupulumutsa amayamba kutha ngati m'galimoto wamba, choncho ndi nzeru kuyezetsa batire musanapereke ndalama. Dziwaninso kuti batire ya Prius imakhala ndi mphamvu yoposa ma volt 200, ndipo mawaya ake, amene amakhala a mtundu wa lalanje, sayenera kugwiridwa ndi munthu amene sanaphunzire ntchitoyi.

Galimoto yamagetsi okhaokha ilibe paipi yotulutsa utsi ndipo siifuna kusintha oyilo wa injini, koma imachoka ku fakitale itawononga kale zambiri kuposa zinzake ziwirizi chifukwa cha kukula kwa batire. Nissan Leaf yoyamba, ya mu 2010, inali ndi batire ya 24 kWh (kWh ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene batire imasunga), ndipo galimoto zambiri za masiku ano zimapitirira 50 kWh, pamene batire ya hybrid wamba siifika 2 kWh. Miyala yopangira mabatirewa imakumbidwa m'migodi: lithium wambiri amachokera ku Australia ndi ku Chile, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 a cobalt wa padziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, kumene nkhani ya chitetezo cha okumba imadetsa nkhawa. Mabatire ena atsopano, otchedwa LFP, alibe cobalt, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa mtundu wa batire imene ili m'galimotoyo.

Chimene chimagamula mlandu wa galimoto yamagetsi ndi gwero la magetsiwo. Ku Norway, kumene pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi amachokera ku mphamvu ya madzi, galimotoyi imabweza msanga zimene zinawonongeka poipanga, ndipo ikatero imaposa hybrid kutali. Ku South Africa, kumene magetsi ambiri amapangidwa ndi malasha, utsi umangosamuka kuchoka pamsewu kupita kumalo opangira magetsi, moti kusiyana kwake ndi hybrid yabwino kumachepa kwambiri.

Pakati pa ziwirizi pali plug-in hybrid, imene ili ndi batire yokulirapo yotchajidwa pasoketi komanso injini ya petulo. Papepala imaoneka ngati yathetsa mavuto onse, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mwini wake akapanda kuitchaja tsiku lililonse, amangoyenda ndi petulo atasenza batire yolemera pachabe. Kwa munthu woyenda maulendo aafupi amene amatchajadi usiku uliwonse, ndi galimoto yabwino.

Maganizo anga ndi akuti woyenda kwambiri m'tauni amene alibe potchajira podalirika atenge hybrid, ndipo amene ali ndi potchajira pakhomo komanso magetsi ochokera ku madzi, dzuwa kapena mphepo atenge yamagetsi. Koma amene amayenda mwa apo ndi apo angachite bwino kusamalira galimoto imene ali nayo kale, kupopa matayala mokwanira ndi kukonzetsa injini pa nthawi yake, chifukwa mafuta ochepa amene angapulumutse sangafanane ndi zimene zimawonongeka popanga galimoto yatsopano. Ndipo paulendo waufupi, njinga kapena basi imaposa galimoto zonse zatchulidwazi.

Nkhani ya botolo la madzi ndi yaing'ono, koma muyeso wake ndi womwewo. Botolo la pulasitiki lotaya mukangomwa ndi lopepuka ndipo silidya zambiri polipanga, vuto ndi kuchuluka kwake. Bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD linanena mu 2022 kuti magawo 9 okha pa 100 a zinyalala za pulasitiki padziko lonse ndi amene amakonzedwanso. Botolo lachitsulo chosachita dzimbiri limawononga mphamvu zambiri polipanga, motero limayamba kupindulitsa chilengedwe pokhapokha likagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali. Chitsanzo chofanana nacho ndi cha zikwama zogulira zinthu: kafukufuku wa boma la Britain wa mu 2011 anapeza kuti chikwama cha thonje chiyenera kugwiritsidwa ntchito ka 131 kuti chipose jumbo yotaya pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Munthu wokhala ndi mabotolo asanu achitsulo m'kabati, amene amangonyamula limodzi, sanathandize chilichonse.

Pa mabotolo okhalitsa, lagalasi silisintha kakomedwe ka madzi koma ndi lolemera ndipo limasweka. La aluminiyamu ndi lopepuka, koma m'kati mwake amapakamo utoto wopyapyala woteteza madzi umene umatha kukandika. La pulasitiki yolimba limayenera ana ndi othamanga, bola likhale lopanda mankhwala a BPA, amene European Union inawaletsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Ine ndimasankha lachitsulo, makamaka lolembedwa 18/8, kutanthauza kuti m'chitsulocho muli magawo 18 pa 100 a chromium ndi 8 a nickel, chifukwa likagwa limangobinyika osasweka. Posankha, yang'anani lakukamwa kwakukulu kuti burashi izilowa potsuka, ndiponso lokhala ndi chivindikiro chimene labala wake angasinthidwe, popeza chimene chimayamba kutha pabotolo lachitsulo ndi chivindikirocho.