Howl's Moving Castle: buku kapena filimu ya katuni?

Anzanga ambiri kuno ku Blantyre, makamaka amene ana awo amakonda makatuni, akhala akundifunsa kuti ayambe chiti pakati pa buku la Howl's Moving Castle ndi filimu yake. Ine ndimawauza kuti buku, ndipo sindibisa kuti filimuyo ndinasungira nayo kanthu kukhosi.

Bukuli analemba ndi Diana Wynne Jones wa ku Britain, ndipo linatuluka mu 1986. Filimu inabwera mu 2004, yopangidwa ndi Hayao Miyazaki ku Studio Ghibli ya ku Japan. Pa kukongola palibe chokangana. Chinyumba choyenda ndi miyendo chija, chikufuka utsi m'mapiri, pamodzi ndi nyimbo za Joe Hisaishi, ndi zimene zinaifikitsa filimuyi pa mpikisano wa Oscar.

Chimandiwawa ndi zimene anamuchita Sophie, mtsikana amene nkhaniyi imazungulira pa iye. M'buku, iye ndi wachisamba pa atsikana atatu, ndipo m'dziko lawo la Ingary anthu amakhulupirira kuti woyamba kubadwa akapita kukasaka mwayi ndiye amayamba kulephera. Sophie anazimeza zimenezi. Ang'ono ake, Lettie ndi Martha, anatumizidwa kukaphunzira ntchito kwina, iye n'kutsala m'shopu ya zipewa akusokera mayi ake omupeza popanda malipiro. Amene anakulira ku Ndirande kapena ku Bangwe akulera ang'ono ake pamene iwo ali kusukulu sangafune womufotokozera zimenezi.

Chimene Sophie sankadziwa n'chakuti pakamwa pake panali mphamvu. Ankayankhula ndi zipewa posoka, ndipo zimene wauza chipewa zinkamuchitikira amene wachigula. Mfiti ina itamusandutsa nkhalamba, ndodo yake yoyendera inayamba kumumvera chifukwa choti ankacheza nayo. Pomaliza ndi mawu ake omwewo amene anapatsa Calcifer, chiwanda cha moto chimene chinkasunga mtima wa Howl, wamatsenga mwini chinyumba choyenda chija, zaka zina 1,000 za moyo, kuti mtimawo ubwerere m'chifuwa mwake popanda wina kufa. Buku lonse laima pamenepa: mtsikana wodziona wachabechabe ndiye anali ndi mphatso yosowa kuposa onse.

Filimu siinena zimenezi. Sophie wa m'filimu ndi wolimba mtima ndithu, ndipo ndimakonda momwe nkhope yake imabwerera ku utsikana akayankhula mopanda mantha. Koma chida chake chasanduka chikondi basi, kupsompsona uyu, kupsompsona uyo. Martha anamuchotseratu, ndipo nkhani ya uchisamba ija imangotchulidwa mongodutsa. Mwana wamkazi woonera filimu yokha sadzadziwa kuti Sophie anali ndi matsenga akeake.

Malo amenewo anaikamo nkhondo. Miyazaki anakwiya ndi nkhondo ya ku Iraq ya mu 2003, choncho filimu yadzaza ndege zoponya mabomba, Howl akusanduka chimbalame kukalimbana nazo. M'buku nkhondo imangonenedwa kuti ikubwera. Mkwiyo wakewo ndimaulemekeza, koma taonani mathero ake: chinthu choopsezera mbalame m'munda chisanduka kalonga, Madame Suliman, wamatsenga wamkulu wa mfumu, n'kuti nkhondo ithe, basi. Zinathamangitsidwa.

Howl nayenso anamuchapa kwambiri. Wa m'buku dzina lake lenileni ndi Howell Jenkins wa ku Wales, wokonda kudziphoda, wothamangira akazi, wozemba ntchito, amene mlongo wake Megan amamukalipira kuti ndi mlesi. Ndi munthu woti ukhoza kumukwiyira lero, mawa n'kumukonda. Wa m'filimu ndi wokongola, wachisoni, ndipo za ku Wales mulibe n'komwe. Mfiti ija nayo, imene m'buku ndi mdani mpaka kumapeto, m'filimu imasanduka gogo wofatsa womwetsedwa ndi supuni.

Pa kapezedwe, filimu ndiyo yosavuta. Ili pa Netflix, ingokonzekerani bandulo yokwanira chifukwa ndi ya maola pafupifupi 2. Buku ndi lachingerezi ndipo limasowa, koma funsani kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni ndi ku Limbe. Mwana wamng'ono muonetseni filimu, adzasangalala ndi Calcifer. Amene wayamba kuwerenga yekha, makamaka mtsikana wachisamba, mupezereni buku kaye asanaonere.