Makadi a madontho, Scratch kapena micro:bit: tiyambe ndi chiti?

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Zomba, amene mukufuna kuyambitsa kalabu ya makompyuta kapena kuyala maziko a Computer Studies ana asanafike pa mayeso a MSCE, pali njira zitatu zimene zimatchulidwa kawirikawiri: masewera opanda kompyuta otchedwa CS Unplugged, pulogalamu ya Scratch, ndi kachipangizo ka micro:bit. Ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo. Ine ndimayamba ndi kufunsa chimene chimatsala m'mutu mwa mwana belu likalira, chifukwa njira zitatuzi siziphunzitsa chinthu chimodzi.

CS Unplugged anaiyambitsa Tim Bell, Ian Witten ndi Mike Fellows m'zaka za m'ma 1990, ndipo kwawo kwake ndi ku University of Canterbury ku New Zealand. Sifuna magetsi kapena intaneti. Dulani katoni, mupange makadi asanu a madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Ana asanu aime kutsogolo, aliyense ndi khadi lake. Mukatchula "13", kalasi yonse imayamba kufuula: wa 16 abise, wa 8 aonetse, wa 4 aonetse, wa 2 abise, wa 1 aonetse. Pa bolodi mulembe 01101: 1 pa khadi loonetsedwa, 0 pa khadi lobisidwa. Posakhalitsa wina amazindikira yekha kuti makadi asanuwo sangapitirire 31, n'kufunsa kuti khadi lachisanu ndi chimodzi likhala ndi madontho angati. Mwana amene wadziyankha kuti 32 wamvetsa binary, kalembedwe ka manambala ndi 0 ndi 1 okha kamene kompyuta imagwiritsa ntchito, kuposa amene waloweza tanthauzo lake m'kope.

Palinso sewero losanja manambala. Mumajambula mizere pabwalo ndi phulusa, monga timachitira ndi bwalo la netibo, ana 6 n'kuyenda m'mizeremo atanyamula manambala osakanikirana. Awiri akakumana amayerekeza, wa nambala yaing'ono amalowera mbali ina, wa yaikulu mbali inayo, ndipo kumapeto amapezeka atandandalika bwinobwino popanda wowauza. Pa sukulu ya ku Jali kapena ku Mayaka, kumene kalasi imadzaza mpaka pakhomo, palibe njira ina imene ingagwire ana onse nthawi imodzi chonchi.

Koma CS Unplugged ili ndi chilema chimene ochemerera ake sakonda kuchitchula. Mukauza mwana mmodzi kuti akhale "loboti", anzake azimulamula kuyenda kuchoka pakhomo kukafika pa bolodi, lobotiyo amakhala ndi chifundo. Akauzidwa kuti "pita kutsogolo" pamene kutsogoloko kuli desiki, amailambalala mwakachetechete. Lamulo linali lolakwika, koma palibe amene waona cholakwacho. Kompyuta sichita zimenezo. Imachita zimene mwalemba, osati zimene mumatanthauza, ndipo phunziro limeneli ndiye mtima wa ntchito yolemba mapulogalamu.

Apa m'pamene Scratch imaposa makadi. Inatuluka mu 2007 kuchokera ku MIT Media Lab, malo a kafukufuku a pa yunivesite ya MIT ku America, ku gulu lotsogozedwa ndi Mitchel Resnick, ndipo ndi yaulere. Mwana salemba malamulo ndi kiyibodi, amalumikiza mabuloko amitundumitundu, kamphaka ka pa sikirini n'kumatsatira. Auzeni ajambule sikweya: bwereza kanayi, yenda masitepe 100, khota madigiri 90. Zimatheka msanga. Kenako auzeni ajambule thirayango ya mbali zofanana. Ambiri amaika 60, chifukwa ndi zimene anaphunzira ku masamu, ndipo chimene chimatuluka ndi mizere itatu yosakumana. Musawauze yankho, chonde. Asiyeni akangane, wina aimirire ayende yekha pansi, mpaka aone kuti thupi limakhota 120 pa ngodya iliyonse. Mphindi zimenezo, zofufuza pamene palakwika, makadi sangakupatseni.

Scratch ilipo yoika pa kompyuta n'kumaigwiritsa ntchito popanda intaneti, choncho bando si vuto mukangoitsitsa kamodzi. Vuto ndi makina ndi magetsi. Laputopu imodzi pakati pa ana 10 imasanduka ya mwana mmodzi wolimba mtima, kawirikawiri mnyamata amene kwawo kuli kompyuta, enawo n'kumangoonerera. Vuto lina ndi loti ana akasiyidwa okha amathera nthawi yonse kusintha zovala ndi kulira kwa kamphaka, osakhudza n'komwe buloko ya repeat (bwereza) kapena ya if (ngati).

Micro:bit ndi kabolodi kakang'ono kokwana m'dzanja, kamene BBC inagawira ana a sukulu ku UK mu 2016. Kali ndi timagetsi 25, mabatani awiri A ndi B, kamamva kugwedezeka ndi kutentha, ndipo kamayendera mabatire awiri a AAA. Ubwino wake ndi woti pulogalamu imatuluka mu sikirini n'kulowa m'thumba. Ana angayeze kutentha m'kalasi ya malata ku Chinamwali masana, Loweruka n'kukwera nako phiri kukayerekeza ndi ku Mulunguzi Dam. Zimasangalatsa kwambiri. Komabe kamafunabe kompyuta kapena foni yolembera pulogalamu mu MakeCode (chida cholembera malamulo ake ndi mabuloko), kamagulidwa, ndipo mabuloko ake amafanana kwambiri ndi a Scratch, moti mfundo zatsopano zimene kamawonjezera n'zochepa poyerekeza ndi ndalama zake. Sindingalangize sukulu kuyambira pamenepa. Amene akufuna kulawa, MakeCode ili ndi micro:bit yoyerekezera pa sikirini, yaulere.

Kwa ine makadi ndi phulusa ndiye poyambira kalasi yonse, koma musathe teremu ana asanaone lamulo lawo likukanidwa ndi makina enieni. Ngati sukulu ili ndi laputopu imodzi yokha, ichajiretu usiku. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse lilembe malamulo ake pa pepala, lisinthane ndi gulu lina kuti liwayende pansi mosakhululuka, kenako libwere ku laputopu kwa mphindi 5 kudzayesa mu Scratch. Wogwira mausi azisinthidwa ulendo uliwonse, ndipo atsikana asakhale omaliza pamzere. Gulu limene pulogalamu yake yakana libwerere ku pepala likapeze mzere wolakwikawo lisanapemphenso nthawi ina.