Makaniko wa ku Biwi amene anapulumutsa njinga yanga pa nkhani ya sensa ya ekizozi

Anzanga amene muli ndi njinga za injekishoni, ndati ndikuuzeni za makaniko wina ku Biwi ku Lilongwe kuno, chifukwa zomwe ndinaona posintha ekizozi sindikufuna wina adzazionenso. Njinga yanga ndi Suzuki V-Strom 650, ndinagula yakale kuchokera ku Joni, ndiye paipi ya ekizozi inadyeka ndi dzimbiri mpaka kuboola pansi, ndikalizayo phokoso lake ngati chigayo. Ndinaitanitsa paipi ina pa basi, inafika bwinobwino koma inalibe kabowo komangapo sensa ya oxygen, kachipangizo koyeza mpweya wotsala mu utsi.

Poyamba ndinapita kwa mnyamata wina wokonza njinga za kabaza kufupi ndi kwathu. Sindikumunyoza ayi, ma Boxer ndi ma Lifo amawadziwa zedi, koma amenewo ndi a kabuleta, alibe sensa. Iye anangotenga sipanala nkuyamba kupotokola sensa ija asanazule pulagi yake, mawaya anayi aja kupiringizana ngati chingwe cha mbuzi ine ndikuyang'ana, ndipo ataona kuti paipi yatsopano ilibe bowo anangoimangirira ndi waya pa felemu nkuti "bwana kameneka nkosafunika, pitani". Ndisanafike ndi pa Area 18 pomwe getsi la FI, lochenjeza za vuto la injekishoni, linali litayaka pa dashibodi. Sabata imeneyo petulo ankatha ngati thanki yabooka, kuekizozi mwaye bii, fungo la mafuta osapsa mpaka mkazi wanga kudandaula kuti jekete ikununkha.

Mnzanga wina ndi amene anandilozera kwa madala awa a ku Biwi. Galaja yawo ndi kashedi chabe ka malata, pokhala palibe, ndinakhalira tayala tsiku lonse, koma ntchito yake eee. Asanagwire sipanala iliyonse anayamba aona nambala ya vuto imene kompyuta ya njinga imaonetsa, inatuluka C44, akuti imeneyo pa Suzuki ndi ya sensa yomweyi. Kenako anandikhazika pansi nkundifotokozera kuti kachinthu aka kamanunkhiza utsi kuti kadziwe mpweya watsalamo wochuluka bwanji, nkumauza kompyuta ya njinga kuti ionjezere kapena ichepetse petulo, cholinga nkuti mpweya ndi mafuta zizikhala pafupi ndi 14.7 kwa 1. Ndiye ukakasiya panja kakulendewera sikakuonanso utsi, kompyuta imasokonekera basi. Mwa mawaya anayi aja awiri ndi a hita yotenthetsa sensa, chifukwa ikakhala yozizira siwerenga kanthu. Anayeza ndi mita pamaso panga, a hita aja anali ataduka mkati pomwe anapotokoledwa paja.

Ine ndinati achimwene tangolumikizani, tiike tepi tizipita. Anakana. Akuti podukapo ndi pakhosi penipeni pa sensa pomwe pamatentha kwambiri, zolumikiza sizikhalitsa, mawa ndidzabwera kudzawanena kuti ntchito yawo ndi yabodza. Zinandiwawa kunena zoona chifukwa sensa ina inayenera kuchokeranso ku Joni ndipo njinga inakhala masabata awiri, koma pano ndikuona kuti ankanena zoona.

Chomwe chinandigometsa kwambiri ndi momwe anakonzera bowo lija. Anadula kanati kokhala ndi mathiredi pa paipi yakale, chifukwa akuti masensa a njinga alipo a 18mm ndi ena a 12mm ndiye kusiyana nkusakasaka bola kutenga komwe tikudziwa kuti kakwana. Anayeza ndi tepi mtunda wochokera ku injini kuti ufanane ndi pakale, naboola chakumtunda kwa paipi osati pansi, akuti m'mawa mu ekizozi mumakhala timadzi ndipo sensa ikayang'ana chagada timadzito timadikha pamutu pake nkuiononga. Kuwotcherera anachita paipi ili pansi, kutali ndi njinga, sensa ili mu bokosi lake. Ndinawaona akupaka kagirisi ka kopa ndi kamtengo ka machesi pa mathiredi pokha, pang'ono kwambiri, mutu wa sensa osaukhudza ngakhale ndi chala, nkuyamba kumanga ndi dzanja mpaka itakhala, sipanala kumapeto kokha, pulagi nkulumikiza pomaliza penipeni. Waya anaudutsa momwe unkadutsa kale nkuumanga ndi timakebo tayi kuti usagunde paipi yotentha. Pamalumikiziro a paipi anaika gasiketi yatsopano, silikoni anati asayandikire nkomwe chifukwa utsi wake umapha sensa.

Zodandaula zilipo. Foni sayankha, umachita kupita wekha, ndipo akakuuza kuti bwerani 9 koloko dziwani kuti ayamba yanu cha m'ma 11. Risiti ndinachita kuumirira, analemba papepala la kope. Mtengo wawonso ndi wokwererako kusiyana ndi anyamata a m'mbali mwa msewu, ndipo sachotsera ngakhale uwachonderere bwanji.

Koma getsi la FI linazima, ndapita ku Salima ndi kubwerako kawiri osayakanso, petulo wabwerera mwakale ndipo njinga ikaima pa roboti siikunjenjemeranso ngati kale. Mwezi wamawa ndikawapatsanso aone mavavu, ndipo sensa yakale ija anandibwezera, ili mu dirowa kunyumba ndi mawaya ake opotoka omwewo.