Mbuna zikupumira pamwamba mu thanki yatsopano: botolo la mabakiteriya, siponji yakale kapena kusintha madzi?

Anzanga osunga nsomba kuno ku Chipata, nkhaniyi ndaiona kangapo ndipo nanenso inandigwera mu June chaka chatha. Wagula thanki, wathira madzi, tsiku lomwelo waikamo mbuna zako zokongola, pakatha masiku anayi kapena asanu mtundu wazilala, zipsepse zamamatira kuthupi, zina zabisala kumbuyo kwa hita yotenthetsera madzi, zina zili pamwamba kupuma mwaphuma ngati zathamanga. Ma yellow lab anga, mbuna zachikasu zija, anali 6, awiri anafa ndisanadziwe chomwe chikuchitika, ndipo zinandipweteka maningi chifukwa vuto silinali matenda ayi, anali madzi.

Mu thanki yatsopano mulibe mabakiteriya aja odya zonyansa. Nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa izo, chakudya chotsala nachonso chikawola chimatulutsa amoniya, ndiye pamafunika gulu loyamba la mabakiteriya lisandutse amoniyayo kukhala nitrite, gulu lina lisandutse nitrite kukhala nitrate yomwe siyoopsa kwambiri. Kuti zonsezi zikhazikike zokha pamatenga masabata 4 mpaka 6. Manje mbuna ndi nsomba za ku Nyanja ya Malawi, zimafuna madzi a pH yokwera (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa), cha m'ma 7.8 kufika 8.6, ndipo pH ikakwera amoniya yemweyo amaluma kwambiri kuposa mu thanki ya pH yotsika. Ndiye ife a mbuna tilibe nthawi yozengereza.

Njira zomwe anthu amalangizana ndi zitatu.

Yoyamba ndi botolo la mabakiteriya, monga Seachem Stability kapena Tetra SafeStart. Ubwino wake ndi woti sulowetsa matenda a mu thanki ya munthu wina, umangothira malinga ndi malangizo. Koma kuno kwathu botololi nthawi zambiri umachita kuitanitsa ku Lusaka, liyende pa basi mtunda wonse wa Great East Road, ndipo muli zamoyo mkatimo, sudziwa kuti lakhala pa dzuwa masiku angati kapena pa shelefu miyezi ingati. Langa nditathira sindinaone kusintha msanga, nitrite inakwerabe. Sindikunena kuti siligwira, ena lawathandiza, koma kuika moyo wa nsomba pa botolo lokha ine ayi.

Yachiwiri ndi imene ndimaikonda, kupempha siponji yakale ya mu fyuluta (chosefera madzi) ya mnzako amene thanki yake yatha miyezi ingapo ikuyenda bwino. Siponji ija yakuda, yooneka yonyansa, ndiyo ili ndi mabakiteriya amoyo omwe ayamba kale ntchito. Mnzanga wina wa ku Kapata anandidulira theka la yake, ndinaiika mu pepala la pulasitiki pamodzi ndi madzi a mu thanki yake, kukwera njinga, pasanathe ola inali mu fyuluta yanga. Chofunika ndi choti isaume panjira komanso musaitsuke pa pompi, chlorine amapha zonse zomwe mwapitira. Mkati mwa sabata imodzi test kit yoyezera madzi inayamba kuonetsa amoniya 0, nitrite nayo kutsika. Kuipa kwake kulipo, ngati nsomba za mnzakoyo zili ndi timadontho toyera pathupi kapena zikudzikanda pamiyala, matendawo ubwera nawo kunyumba kwako, ndiye yang'anitsitsani thanki yake musanalandire. Akakupatsaninso miyala ingapo ya mu thanki yomweyo landirani, nayo imakhala ndi mabakiteriya.

Yachitatu ndi kusintha madzi tsiku lililonse, gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena theka ngati nsomba zikupumira pamwamba. Iyi siyikuza mabakiteriya koma ndiyo yokha yomwe imachotsa poizoni lero lomwe, nsomba umaziona zikutsika pansi pakangotha maola ochepa. Ntchito yake ndi yolemetsa, zidebe m'manja mamawa ulionse. Madzi a pa pompi muthiremo kaye mankhwala ochotsa chlorine monga Seachem Prime, a pa borehole alibe chlorine koma yesani pH yake. Ndipo mu June ndi July madzi ogona panja amazizira kwambiri, mbuna zimafuna 24 mpaka 27°C, ukazithira madzi ozizira nthawi imodzi waonjezera vuto pa vuto, sakanizani ndi ofunda pang'ono.

Pa zitatuzi ine ndimatenga siponji yakale kuphatikiza kusintha madzi, botolo ngati lilipo lithandizire chabe. Ena amati thirani mchere basi zitha. Mchere umathandiza pa nitrite, zoona, umachepetsa kulowa kwake m'magazi a nsomba, koma amoniya suugwira ngakhale pang'ono. Mankhwala a matenda nawo musathire mwachisawawa, ena amapha mabakiteriya omwewo mukuwadikira.

Kwa ife pali nkhani ina ya malaiti. Akazima maola ambiri fyuluta imaima, mabakiteriya amasowa mpweya ndi kuyamba kufa, ndiye siponji ya mnzako ija imapita pachabe. Ka pampu ka mpweya ka USB kolumikiza ku power bank kandithandiza kwambiri, ndimaika siponji mu thanki pafupi ndi thovu lake mpaka malaiti abwere.

Masiku amenewa chepetsani chakudya, kamodzi pa masiku awiri nkokwanira, ndipo chikhale cha zomera monga spirulina, mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere pamiyala ndipo chakudya cha nyama chochuluka chimazitupitsa mimba. Zimitsani getsi la thanki, unjikani miyala yokhala ndi mapanga ambiri kuti yofooka ipeze pothawira, chifukwa mbuna zikaona inzake yafooka zimaithamangitsa mpaka kuimaliza, makamaka ngati muli auratus, mtundu wa mbuna zaukali. Nsomba zatsopano musaonjezere mpaka test kit ionetse amoniya 0 ndi nitrite 0 kwa sabata yathunthu. Amene ali kufupi ndi Kalongwezi ndipo akufuna chidutswa cha siponji, fyuluta yanga pano yakhwima, ndikhoza kumudulira.