Warmshowers: momwe ndinapezera pogona kuchokera ku Land's End mpaka ku John o' Groats

Mu June chaka chatha ndinapalasa njinga kuchokera ku Land's End, kunsonga kwenikweni kwa Cornwall ku England, mpaka ku John o' Groats kumpoto kwa Scotland. Njira yachidule ndi mamailosi 874, koma pothawa misewu ya malole ndinayenda pafupifupi 1,000 m'masiku 16. Ndinkatolera ndalama za Mary's Meals, bungwe lomwe limaphikira ana phala la likuni m'masukulu akwathu. Ana a achemwali anga ku Chilomoni amamwa phala lomwelo, choncho paundi iliyonse yopita kuhotelo ndinkaiona ngati ndaitapa mumphika mwawo. Mnzanga wa kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ndiye anandilozera ku Warmshowers.

Ndi webusayiti ya anthu oyenda maulendo ataliatali pa njinga okhaokha. Inayamba mu 1993 ngati mndandanda chabe wa anthu ofuna kulandira apanjinga, pano ndi bungwe losafuna phindu la ku Colorado ku America. Umalipira kamodzi polembetsa, kenaka umaona mapu osonyeza makomo omwe angakulandire. Mwini nyumba salipiritsa. Amakupatsa zomwe angathe: ena bedi, ena mpando wapabalaza, ena kapinga wokhomapo hema, koma madzi otentha osamba ndiwo mwini dzinalo.

Usiku womwe sindidzaiwala unali wa tsiku lachitatu, kufupi ndi Okehampton. Anthu amaopa mapiri a ku Scotland, koma chomwe chimathyola miyendo ndi zitunda za Cornwall ndi Devon, zifupizifupi koma zoima njoo, ukatsika chimodzi china chakudikira kale. Ndinafika nditanyowa chonyowa, mochedwa ndi maola awiri. Ananditsegulira ndi mayi wachikulire, ndipo asanandifunse chilichonse anandipatsa thaulo n'kundilozera kubafa. Potuluka ndinapeza zovala zanga zili m'makina ochapira, supu ali patebulo. Amuna awo anali atalowa kale ndi njinga yanga m'galaja. Anandiitana kuti ndione mabuleki: malabala anali atadyeka mpaka kutsala pang'ono kufika pachitsulo. Anandiikira ena omwe ankasunga, n'kuthira mafuta tcheni.

Ankafuna ndiziwatchula maina awo enieni, koma pakamwa panga panakana, anthu amsinkhu wa makolo anga. Ndinawafotokozera kuti kwathu timati amayi ndi abambo, ndipo mpaka lero akamandilembera uthenga amasaina choncho. Nditatulutsa ndalama ya malabala aja abambowo anakana mwaukali ndithu. M'mawa ndinapeza envulopu pa chishalo, muli mapaundi 20 a phala la ana.

Ku Lancaster ndinagona pansi m'chipinda cha mtsikana wa pa yunivesite, tinadya pasta, basi. Kufupi ndi Tyndrum mwini nyumba atamva za Mary's Meals anandiuza kuti Dalmally, komwe kuli kashedi ka malata komwe Magnus MacFarlane-Barrow anayambira ntchitoyi, ndi pafupi pomwepo. Ndinapatuka kukakaona. Ndikanagona kuhotelo sindikanadziwa.

Amene mukufuna kuyesa, dziwani izi. Eni nyumba ndi anthu ongodzipereka, ali ndi ntchito ndi ana awo, ena amakhala ali paulendo okha, ndiye si onse amayankha. Lembani kudakali masiku atatu kapena anayi, kwa anthu angapo, ndipo uthenga wake uzioneka kuti mwawerenga zomwe analemba za iwo eni. Nenani nthawi yofikira ndi zomwe simudya. Kumpoto kwa Inverness makomo ndi apatalipatali, hema musalisiye, komanso mankhwala a tizilombo toluma tomwe amati midges, chifukwa madzulo kukakhala bata timakuunjikira ngati utsi. Ine monga mayi wakuda woyenda ndekha ndinkayamba ndawerenga zomwe alendo ena analemba za khomo lililonse, makamaka amayi anzanga, ndipo komwe ndinasankha motero sindinakumaneko ndi choipa.

Chinthu chimodzi chimene ena chingawalemere n'chakuti iyi si hotelo yaulere. Wapalasa mamailosi 70, maso akulemera, koma anthu akuphikira ndipo akufuna kumva za ulendo wako, za Malawi, za nyanja. Uyenera kukhala nawo patebulo ndi kucheza. Masiku awiri omwe ndinali wotopa kwambiri ndinasankha dala kugona m'hema kusiyana n'kukakhala duu pakhomo pa eni.

Nditabwerera ku Leicester ndinaika kanyumba kanga pamapu aja. Alendo anga oyamba anali banja la ku Netherlands lopita ku Wales. Ndinawaphikira nsima, nyemba ndi chigwada chomwe ndinasunga mufiriji, n'kuwaonetsa kapotedwe ka mbamu. M'mawa ndinawapopera matayala ndi kuwaperekeza pa njinga mpaka kunja kwa tauni.