Bokosi la zida zomangira nyambo za trout: labwino pa caddis, lopereŵera pa stonefly

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi, anandibweretsera bokosi la zida zomangira nyambo zonamizira tizilombo ta m'madzi monga caddis ndi stonefly, zimene owedza nsomba za trout amagwiritsa ntchito m'malo mwa nyongolotsi. Ndaligwiritsa ntchito kuyambira nthawi imeneyo mpaka nyengo yozizira yonse yatha, ndipo tsopano ndikhoza kunena molimba mtima pamene landikhutiritsa ndi pamene landikhumudwitsa.

M'bokosimo muli chopanira mbedza chachitsulo chimene chimamangiriridwa m'mphepete mwa tebulo, kachitsulo kogwirira ulusi, kasizasi kosongoka, mbedza zoyambira nambala 8 mpaka 16, nthenga za tambala, kachikopa kokhala ndi ubweya wa elk (nyama yonga gwape wamkulu), waya wa mtovu ndi kabuku ka malangizo. Kwa amene sanazolowere, nambala ikamakula mbedza imachepa, choncho 16 ndi kambedza kakang'ono kovuta kukagwira ndi zala.

Ntchito ndinaiyambira ku mtsinje wa Likhubula, osati pa tebulo. Munthu akatembenuza mwala m'madzi othamanga, amapeza timachubu tomatidwa ndi mchenga ndi tizidutswa ta masamba, ndipo akakafinya kamodzi pang'onopang'ono, mumatuluka kamphutsi kofewa ka mutu wakuda. Imeneyo ndiyo caddis isanakhwime, ndipo nyumba yakeyo imailumikiza ndi ulusi wochokera m'kamwa mwake. Ikakhwima imakhala ngati kanjenjete kamene kamapinda mapiko ake ngati denga la nyumba, ndipo madzulo imajowajowa pamwamba pa madzi poikira mazira.

Pa kachilombo kameneka bokosili ndi loyamikika kwambiri. Nyambo yotchedwa Elk Hair Caddis, imene Al Troth wa ku America anaipanga koyamba mu 1957, imafuna zinthu zochepa, ndipo zonse zilimo. Ubweya wa elk ndi wamphako ngati bango, n'chifukwa chake umayandama ngakhale pamadzi a mkokomo. Kabukuko kamafotokoza bwino mmene munthu angakulungire nthenga kuzungulira thupi la nyambo, ndi mmene angapanire ubweya ndi zala ziwiri kuti usazungulire mbedza pamene akukoka ulusi. Zoyamba zanga zisanu zinkaoneka ngati tsache lothothoka, ndipo mayi a kunyumba atazionera pa tebulo anandifunsa kuti, "Kodi bambo, nsomba zake n'zakhungu?" Koma pofika pa yachikhumi, mapiko anayamba kugona mwaudongo. Nditapita nazo ku mtsinje wa Mulunguzi pa phiri la Zomba mu Julayi, ndinaponya ya nambala 14 chakumtunda kwa dziwe n'kuisiya kuti itsike ndi madzi, kenaka ndinaigwedeza pang'ono kuti ijowe ngati yamoyo. Kugwedezako ndiko kunautsa nsomba imene inali itabisala pansi pa muzu wa mtengo, ndipo tsiku limenelo ndinagwira ziwiri zokha, zonse pa nyambo yomweyo.

Pa stonefly nkhani ndi ina. Kachilombo aka kamakhala pansi pa miyala m'madzi oyera okhala ndi mpweya wokwanira, ndipo n'kaphwatalala, ka michira iwiri ndi miyendo yolimba yokwawira. Sikadziwa kusambira bwino, motero madzi akakakokolola kamagubuduzika pansi, pomwe trout imakadikirira. Nyambo yake iyenera kulemera ndi kumira msanga. Waya wa mtovu wa m'bokosimo unatha nditangomanga zisanu ndi imodzi, ndipo timipira topangira miyendo munalibiretu, ngakhale kuti chithunzi cha pachivundikiro chikuonetsa nyambo ya miyendo yoteroyo. Ndinachita kusenda waya wa kopa m'chingwe cha wailesi yakufa, n'kucheka timizere pa chubu chakale cha njinga kuti tikhale miyendo. Nthenga za nkhanga zimene ndinapempha kwa mnansi wanga zinachita bwino pa michira kuposa zogula.

Vuto lina ndi lakuti kabukuko kanalembedwera mitsinje ya kumpoto kwa dziko lapansi, kumene madzi amayamba kufunda mu Epulo ndi Meyi chisanu chikatha, ndi kumene mitundu ina ya stonefly imakula mpaka kufanana ndi chala chaching'ono cha munthu. Zimene ndakhala ndikuzipeza pansi pa miyala ya Likhubula n'zocheperapo ndiponso zotuwira chikasu. Wotsatira kabukuko mwachimbulimbuli amanga nyambo zazikulu zakuda zimene sizifanana ndi chilichonse cha m'madzi athu. Trout yokhayo ndi mlendo kuno, pakuti kwawo kwenikweni kwa mtundu wa rainbow ndi mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific, ndipo atsamunda ndiwo anaibweretsa m'mitsinje yozizira ya pamapiri. Komabe yakulira pa chakudya chakuno, ndipo imadya chimene ikuchidziwa.

Chopanira mbedza ndicho chinandipweteka mtima kwambiri. Pa mbedza zazing'ono chimagwira bwino, koma pa nambala 8, pamene ulusi umafunika kuukoka mwamphamvu, mano ake amaterera. Usiku wina mbedza inapulumuka n'kundilowa m'chala chachikulu, ndipo kuyambira pamenepo ndimaika kachidutswa ka chikopa pakati pa manowo. Kasizasi kokha ndiko sikanandikhumudwitsepo, pakuti mpaka lero kakudulabe nthenga imodzi osakhudza inzake.

Amene akufuna kuphunzira kumanga nyambo zoyandama za caddis angapindule ndi bokosi lotere, chifukwa ubweya ndi nthenga zake n'zokwanira nyengo yathunthu. Amene cholinga chake ndi stonefly agule chopanira china padera, ndipo asadalire mtovu wa m'bokosimo. Ine ndauza kale mlamu kuti akadzabweranso adzanditengere mbedza za nambala 12 zazitali, chifukwa ndizo zikufanana ndi tizilombo timene ndasunga m'botolo la spiriti pa windo.