Kalendala imagwira ntchito, koma agent wanga anasiyidwa mumdima

Nyenyezi 3 mwa 5. Seva ya kalendala iyi, pulogalamu yolumikiza AI ku kalendala kudzera pa Model Context Protocol (MCP), ndakhala nayo miyezi iwiri, nditailumikiza ku agent, pulogalamu ya AI yogwira ntchito payokha imene imandikonzera misonkhano. Chida chenichenicho chilibe vuto, sichinandizimirepo ngakhale kamodzi. Nyenyezi ziwirizo ndachotsa chifukwa cha malangizo ake.

Ndisawanamizire, mbali imene analembera ife anthu ndi yabwino. Kuika sevayi kunanditengera mphindi zosakwana 15. Tsamba loyamba limakuuzani zoti mulembe, fayilo ya JSON yoikamo makiyi achinsinsi olowera, komanso kusiyana kwa kuiyendetsa pa kompyuta yanu kudzera pa stdio ndi kuiyendetsa patali kudzera pa Streamable HTTP. Anakumbukiranso kuchenjeza kuti njira yakale yolumikizira patali ya SSE inalowedwa m'malo ndi Streamable HTTP mu Marichi 2025, pamene anzawo ambiri amakusiyani mukulimbana ndi chitsanzo chakufa.

Chimene anaiwala ndi chakuti agent sawerenga tsamba lokongolalo. Mu Model Context Protocol, imene Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, agent akafunsa seva kuti ili ndi zida zanji amalandira dzina la chida, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi schema, ndiye kuti ndondomeko ya zimene chidacho chimafuna. Kwa iyeyo buku lonse la malangizo ndi limenelo. Ndiye nditatsegula kuti ndione zimene wanga amapatsidwa, ndinagwira pakamwa. Chida cha create_event anachifotokoza ndi mawu ochepa chabe, akuti chimapanga msonkhano. Pamalo olembapo tsiku anangoti string, kutanthauza mawu alionse. Tsikulo lilembedwe bwanji, ola lake ndi la dera liti, zii.

Agent nayenso sadziwa kukhala chete, akapanda kuuzidwa amangoganizira. Ndinamuuza kuti andiikire msonkhano pa 3 Epulo, iye n'kutumiza 03/04. Seva inawerenga mwa Chimereka, mwezi patsogolo, n'kuuponya pa 4 Marichi, tsiku loti linadutsa kale. Sinakane, sinafunse. Ine ndinadziwira kwa mnzanga amene anandilembera kuti, "Kodi akulu, msonkhano uja ndinauphonya liti?" Nditafufuza ndinapeza kuti sevayi imafuna ISO 8601, chaka kaye, kenako mwezi ndi tsiku, ndipo mukapanda kutchula dera imatenga UTC, nthawi imene dziko lonse limayenderapo. Zonsezi zinalembedwa ndithu, koma pansi penipeni pa tsamba la mafunso, kumene agent sadzafikako mpaka kalekale. Chiganizo chimodzi mu schema chikanathetsa nkhani yonseyi.

Za delete_event ndiye zimandipwetekabe. Apa anayesako, anaika destructiveHint, chizindikiro choti chidachi chimatha kufufuta zinthu, moti pulogalamu yanga inandifunsa kaye ngati ndikuvomera. Koma mawu ake amati chichotsa msonkhano, osanena kuti msonkhanowo ukakhala wobwerezabwereza chimasesa mndandanda wonse. Ndinadina kuti inde ndi chala changa chomwe, misonkhano ya Lolemba lililonse n'kupita yonse. Agent sindingamuimbe mlandu, anawerenga zomwe ndinawerenga ine.

Mauthenga a zolakwika ndi osakanikirana. Mukatumiza mapempho ochuluka, seva yakumbuyo imabweza 429, nambala yotanthauza kuti mapempho achuluka, koma chimene chimafika kwa agent ndi liwu limodzi loti zalephereka. Sauzidwa kuti adikire masekondi angati, ndiye amangogogoda pomwepo mpaka mutamuletsa.

Chodabwitsa n'chakuti pagulu lawo alipo wina wodziwa kulemba. Chida chofufuzira nthawi imene anthu ali omasuka anachifotokoza bwino zedi: nthawi yoyenera kuchigwiritsa ntchito, nthawi yosayenera, chitsanzo cha tsiku lolembedwa molondola, ngakhalenso chimene chimabwera pakasowa mpata. Tsiku lina agent anaiwala kutchula kutalika kwa msonkhano, uthenga unamuuza malo enieni amene asiya, iye n'kukonza yekha ine ndisanalowererepo. Amene analemba chimenechi akanangopatsidwa zida zinazo, bwenzi ndikupereka nyenyezi zonse.

Ndinalembera opanga sevayi pa GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu, ndipo anayankha mwaulemu pasanathe sabata. Za tsiku zija anakonza, tsopano schema ikutchula ISO 8601 ndi chitsanzo chake. Za kufufuta akuti akuziona.

Ngati mukufuna kuitenga, tengani, koma musanaipatse kalendala yanu yeniyeni tsegulani MCP Inspector, pulogalamu yoyesera maseva a MCP, muwerenge mafotokozedwe a chida chilichonse monga mmene agent adzawaonere. Ineyo delete_event ndinaitseka kaye, misonkhano ndikumachotsa ndekha pamanja.